Pixel 8a: kodi kamera yokha ndi chifukwa chokwanira chosinthira foni?

Ndimasoka zovala, ndipo makasitomala anga ambiri amaona ntchito yanga pa foni asanaigwire ndi manja. Munthu amatumiza miyezo yake, ine n'kumujambulira nsalu zingapo kuti asankhepo, ndipo diresi kapena jekete ikatsala pang'ono kutha ndimamutumiziranso chithunzi. Kwa ine kamera ya foni ndi chida cha ntchito. Ikanama, nsalu imaonongeka ndipo kasitomala sabweranso. N'chifukwa chake ndinasiya foni imene inkayimba bwinobwino, batire lake likadali lamphamvu, n'kutenga Google Pixel 8a. Anzanga ena anaona ngati ndangotengeka ndi zatsopano, ena akundifunsabe ngati nawonso achite zomwezo.

Foni yakaleyo inali ndi maso anayi kumbuyo, ndipo pabokosi pake panali nambala yaikulu ya ma megapixel. Panja, dzuwa likuwala, inkajambula zooneka bwino ndithu. Vuto linkayamba ndikalowa m'chipinda chosokera madzulo, babu litayaka. Nsalu ya buluu woderapo, ija timasokera masuti, inkatuluka yakuda bii. Yofiira moderapo inkatuluka yofiira psuu. Tsiku lina mayi wina anabwera kudzatenga diresi lawo, atalitambasula anangoti, "Amayi, nsalu ndinasankha ija si iyi." Inali yomweyo. Tinaika nsaluyo pambali pa foni, tonse n'kuona kuti chithunzi ndi chimene chinawasocheretsa: pa sikirini inali yobiriwira mowala, koma m'manja inali yobiriwira mozizira, yotuwirako. Sanakangane nane, analipira n'kunyamuka, koma nkhope yawo inaonetsa kuti sanakondwe. Zinandipweteka chifukwa kusoka ndinasoka bwino.

Apa m'pamene ndinayamba kufunitsitsa kudziwa chimene chimachititsa kuti kamera ina inene zoona, ina iname. Nambala ya ma megapixel imangowerenga timadontho timene tapanga chithunzi. Megapixel imodzi ndi timadontho miliyoni. Nambalayo sinena kuti kadontho kalikonse kalandira kuwala kochuluka bwanji. Kuseri kwa galasi la kamera kuli kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamatola kuwala, ndipo m'foni kachipangizoka n'kakang'ono kwambiri. Mukagawa malo ochepawo m'tizigawo tambirimbiri, kagawo kalikonse kamachepa. Zili ngati kutchera madzi a mvula: ikamagwa yamphamvu ngakhale tizikapu timadzaza, koma ikangowaza, mwini beseni ndiye amapeza madzi. Masana kuwala n'kochuluka, foni iliyonse imayesetsa. M'nyumba kapena madzulo m'pamene sensa yabwino imadziwika.

Makampani enieniwo amadziwa zimenezi. Apple inakhala pa ma megapixel 12 kuyambira pa iPhone 6s ya 2015 mpaka pa iPhone 13 ya 2021, ndipo zaka zonsezo anthu ankayamikira zithunzi zake. Google nayo inakhala pa 12.2 kuyambira pa Pixel 2 ya 2017 mpaka pa Pixel 5 ya 2020. Chonsecho Nokia 808 inali kale ndi 41 mu 2012, Samsung inafika pa 108 mu 2020 ndi Galaxy S20 Ultra, kenako pa 200 mu 2023 ndi S23 Ultra. Mafoni a Samsung amenewo amajambula bwino kwambiri, koma ubwino wake ukuchokera ku sensa yaikulu, magalasi abwino ndi pulogalamu, osati ku nambala yokhayo. Ndipo onani izi: Pixel 9a, imene inatuluka mu 2025 kulowa m'malo mwa yangayi, ili ndi ma megapixel 48, ochepa kuyerekeza ndi 64 a Pixel 8a. Nambala ikanakhala zonse, Google sikanaitsitsa pa foni yatsopano.

Pixel 8a inatuluka mu May 2024. Kumbuyo ili ndi makamera awiri okha: yaikulu ya 64 ndi ina ya 13 yotenga malo otakata. Kutsogolo kuli ya 13. Yaikuluyo siipereka chithunzi cha 64. Imaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi, n'kutulutsa chithunzi cha 16 chimene chatola kuwala kokwanira. Ilinso ndi chimene amachitcha OIS, kutanthauza kuti mbali ya kamerayo imasuntha pang'ono yokha kuti ithane ndi kunjenjemera kwa dzanja. Zilembo zitatu zimenezi muzizifufuza pa foni iliyonse imene mukufuna kugula. Foni yanga yakale inalibe, ndipo mwa maso ake anayi aja, awiri anali a ma megapixel 2 okha, amene sindinapeze nawo ntchito. Makamera otere amaikidwa kuti kumbuyo kwa foni kuoneke kodzaza.

Koma mphamvu yeniyeni ya Pixel ili mu pulogalamu. Mukangotsegula kamera, foniyi imayamba kutola zithunzi mwakachetechete musanadine n'komwe. Mukadina, imatenga zingapo mwa zimenezo n'kuziphatikiza kukhala chimodzi, malo owala kwambiri asapserere, malo amdima asazimiririke. Njira imeneyi Google imaitcha HDR+, ndipo mmodzi mwa amene anaitsogolera ndi Marc Levoy, yemwe anali mphunzitsi pa yunivesite ya Stanford. Kwa ine tanthauzo lake n'losavuta: malaya oyera ndi buluku lakuda zikakhala pa chithunzi chimodzi, zonse zimaoneka. Kale ndinkasankha, kaya malaya aoneke bwino buluku likhale chimthunzi, kaya buluku lioneke malaya angoti mbee opanda mabatani.

Chinthu choyamba chimene ndinajambula nditaitenga chinali nsalu ya buluu woderapo ija, pansi pa babu lomwe lija, patebulo lomwe lija. Inatuluka ya buluu. Nditakuza chithunzicho ndi zala, ndinaona mmene ulusi walukidwira mopendekera, ndi kaulusi kamodzi kamene kanatuluka m'mphepete momwe sizasi inadutsa. Ndinaika nsaluyo pambali pa sikirini n'kuyang'ana uku ndi uku kwa nthawi ndithu. Sizinali zofanana ndendende, chifukwa sikirini imatulutsa kuwala kwake pamene nsalu imangolandira, koma palibe amene akananena kuti ndi yakuda. Pamene babu lachititsa kuti zinthu zioneke zachikasu, pa kamerapo pali kamzere kamene mumakoka ndi chala kuti mutenthetse kapena kuziziritsa mitundu, ndipo pali kenanso kowalitsira mithunzi yokha osakhudza malo owala. Timizere tiwiri timeneti ndimatigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ndimaika pepala loyera pambali pa nsalu, n'kukoka kamzereko mpaka pepalalo lioneke loyera. Likatero, ndimadziwa kuti mtundu wa nsalu nawo wakhala m'malo mwake.

Nkhani imene ili pamtima panga kwambiri ndi ya khungu. Ndimajambula anthu atavala zimene ndawasokera, ndipo ambiri ndi akhungu lakuda ngati ine. Mafoni ambiri amatilakwira m'njira ziwiri. Ina ndi yoti nkhope imatuluka yotuwa, ngati munthu sanadzole mafuta, kapena imangosanduka mthunzi wokhala ndi mano ndi maso. Inayo ndi yoti foni imakuyeretsa ndi kukusalaza mpaka osadzizindikira, timizere tonse ta pankhope n'kufufutika. Yachiwiriyi ena amaikonda, koma ine imandikhumudwitsa, chifukwa imakhala ngati ikuuza munthu kuti nkhope yake yeniyeni ikufunika kukonzedwa.

Vutoli silinayambe ndi mafoni. M'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lotchedwa Shirley card, kuti aziyezerapo mitundu. Khungu loyera ndi limene linali muyezo, ndipo ena tonse tinkangotuluka mmene tatulukiramo. Maganizo amenewo analowanso m'makamera a digito. Mu 2021, potulutsa Pixel 6, Google inabweretsa zimene imazitcha Real Tone, atagwira ntchito ndi akatswiri ojambula anthu akhungu lakuda kuti kamera iphunzire kuyeza kuwala ndi mitundu molingana ndi khungu lotere. Mu 2022 inayambanso kugwiritsa ntchito muyezo wa mitundu 10 ya khungu umene anakonza Ellis Monk wa ku yunivesite ya Harvard. Si Google yokha. Tecno nayo yakhala ikukonza makamera ake poganizira khungu lakuda kwa zaka zambiri, ndipo m'pofunika kuiyamikira pa zimenezo.

Kodi pa Pixel 8a zotsatira za Real Tone zikuoneka? Inde, zikuoneka. Mchemwali wanga wamkulu ndi woderapo kuposa ine, ndipo sakonda kujambulidwa. Nditamusokera diresi loyera, ndinamupempha kuti aime pafupi ndi zenera. Pa chithunzicho, diresilo linaoneka ndi mapindo ake onse, ndipo nkhope yake inatuluka mmene ndimaidziwira: yakuda, yofiirirako pamasaya pamene kuwala kwagunda, kachipsera kake ka pachibwano kali pomwepo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Unditumizire chimenechi, mng'ono wanga." Aka kanali koyamba kundipempha chithunzi chake. Munthu amene mafoni sanamulakwirepo sangamvetse kukula kwa nkhaniyi, koma kwa ine chinali chifukwa chokwanira.

Za usiku sinditaya nthawi. Night Sight, imene Google inaiyambitsa mu 2018, imagwira ntchito: mumagwira foni osagwedeza kwa masekondi angapo, ndipo imatulutsa chithunzi choyera pamalo pamene maso anu akuvutika kuona. Ndi yabwino pa zinthu zoima. Pa mwana amene akuthamanga m'chipinda chamdima, palibe foni imene ingachite zozizwitsa, ngakhale kuti iyi imagwira nkhope kawirikawiri kuposa yakale ija chifukwa cha zithunzi zomwe imakhala itatola kale musanadine.

Sikuti ndine ndekha amene ndaona kuti mafoni a Pixel a gulu la "a", otsikirako mtengo ngati 8a yangayi, amajambula mopitirira msinkhu wake. Marques Brownlee, amene amaunika mafoni pa YouTube, anachititsapo mipikisano yoti anthu azisankha zithunzi osadziwa foni imene yajambula. Mu 2022 inapambana Pixel 6a, ya ma megapixel 12.2 okha, ndipo mu 2023 inapambana Pixel 7a, imene kamera yake yaikulu ndi ya 64 ngati ya 8a. Onsewa anaposa mafoni apamwamba a makampani akuluakulu. Mpikisano wotere umangoonetsa zimene maso a anthu ambiri amakonda, koma zithunzi timajambulira maso a anthu omwewo.

Tsopano zimene foniyi ilibe, chifukwa zilipo ndipo kwa ena n'zazikulu. Ilibe kamera yokokera zinthu zakutali. Imafika pa 8x, kutanthauza kukuza chinthu kasanu ndi katatu, koma kukokako n'kwa pulogalamu. Pa 2x chithunzi n'choyera, koma mukamapitirira, tinthu ting'onoting'ono timayamba kusungunuka. Ngati mumajambula mpira muli kutali ndi bwalo, mbalame mumtengo, kapena mwana wanu ali pasiteji inu muli kumbuyo kwa holo, mukufunika foni yokhala ndi kamera yachitatu yokokera, monga ma Pixel Pro, ma iPhone Pro kapena ma Galaxy S. Ilibenso njira yapadera yojambulira pafupi kwambiri. Ndikafuna kuonetsa msoko kapena batani, sindiyandikiza foni pansalu. Ndimabwerera m'mbuyo pang'ono n'kudina 2x, ndipo msoko umaoneka bwinobwino, komanso mthunzi wa dzanja langa sugwera pansalupo.

Kutchaja n'kwa 18W, pamene mafoni ambiri a msinkhu wake amatchaja mofulumira kuposa pamenepo. Batire ndi la 4,492 mAh, ndipo kamera ndi vidiyo zimadya batire pa foni iliyonse, choncho tsiku lojambula zambiri muzikhala ndi chaja pafupi. M'bokosi muli chingwe koma mulibe mutu wa chaja. Mulibe poika memori khadi. Mumasankha 128GB kapena 256GB n'kukhala nazo, ndipo amene amajambula vidiyo ya 4K, ija ya timadontho tochuluka kwambiri, adziwe kuti malo amatha msanga. Mulibenso pobaya mahedifoni a chingwe. China chofunika kuchiganizira musanagule n'choti Google imagulitsa mafoni ake m'mayiko owerengeka, choncho ngati muli kumene sagulitsidwa ndi eni ake, yambani mwafunsa ngati sikirini ndi batire zake zimapezeka ikadzaonongeka. Kamera yabwino ili m'foni yosweka yosowa wokonza ilibe phindu.

Pali zinthu zina zimene foniyi imachita zomwe sindizigwiritsa ntchito pa zovala, ndipo ndikufuna ndinene chifukwa chake. Magic Eraser imafufuta chinthu kapena munthu amene walowerera pa chithunzi. Magic Editor imatha kusuntha munthu, kumukuza, ngakhale kusintha thambo. Best Take imatenga nkhope pa zithunzi zingapo za gulu n'kusankha yomwetulira ya aliyense. Pa chithunzi cha banja, pamene wina anaphethira, Best Take ndi yothandiza ndipo sindikuonapo cholakwika. Koma pa chovala chimene ndikufuna munthu alipire, sindikhudza kalikonse. Ndinagula kamerayi kuti izinena zoona. Ndikayamba kufufuta makwinya a paphewa kapena kuwongola mpendero ndi chala, ndiye kuti ndabwerera kumene ndinachoka, kusiyana kwake n'koti tsopano wonama ndine. Ndimaona anzathu ena ogulitsa zinthu pa intaneti akuchita zimenezi, ndipo zimaononga chikhulupiriro cha makasitomala kwa tonsefe.

Ndiye kodi kamera ndi yofunika motani posankha foni? Yambani mwatsegula zithunzi zimene zili m'foni mwanu n'kuona zimene mumajambula. Ngati zambiri ndi malisiti, zikalata, manotsi a pabolodi ndi zithunzi za panja masana, foni imene muli nayo ikukwanira, ndipo posintha muike mtima pa batire, malo osungira ndi kulimba kwake. Ngati zambiri ndi nkhope za anthu m'nyumba, ana osakhazikika, zochitika za usiku, kapena katundu amene mumagulitsa, kamera ikhale patsogolo.

Kumbukiraninso kumene zithunzizo zimapita. WhatsApp imafinya chithunzi mukachitumiza mwachizolowezi, mbali yaitali n'kutsala pafupifupi timadontho 1,600, kutanthauza ma megapixel awiri okha. Choncho kaya foni yanu ndi ya 50 kapena 200, wolandirayo amaona chithunzi chofinyidwa. Kuyambira mu 2023 pali batani la HD limene limachepetsa kufinyako, ndipo mukafuna kuti chipite mmene chilili mumachitumiza ngati dokyumenti. Chimene ndaona n'choti kufinyako kumadya tinthu ting'onoting'ono, koma sikusintha mtundu wa nsalu kapena kuwala kwa nkhope. Chithunzi chikajambulidwa ndi mitundu yolondola, chimafika ndi mitundu yolondola. N'chifukwa chake kwa ife otumiza zithunzi pa WhatsApp, mitundu ndi kuwala n'zofunika kuposa kuchuluka kwa timadontho.

Ndisabise kuti zina zimakonzeka popanda kugula kalikonse. Galasi la kamera limakhala ndi mafuta a zala pafupifupi nthawi zonse, ndipo kulipukuta ndi kansalu kofewa kumachotsa chimbuuzi chimene ambiri amati ndi vuto la foni. Kuimika munthu moyang'ana kuzenera, osati zenera lili kumbuyo kwake, kumasintha chithunzi kuposa ma megapixel 100. Kudina pankhope pa sikirini musanajambule kumauza kamera pamene iyezere kuwala. Zonsezi ndinkachita ndi foni yakale ija, ndipo masana zinkathandiza. Koma makasitomala amalemba uthenga akaweruka kuntchito, dzuwa litalowa, ndipo amafuna kuona nsalu nthawi yomweyo. Pamenepo m'pamene foniyo inkalephera, ndipo panalibe luso la manja limene likanaithandiza.

Kwa amene ali kale ndi Pixel 7a, sindikuona chifukwa chosinthira ku 8a chifukwa cha kamera, popeza makamera ake ndi ofanana kwambiri. Chimodzimodzi amene ali ndi iPhone kapena Galaxy S ya zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo: makamera a mafoni apamwamba masiku ano amasintha pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo kusiyanako kumaoneka pokhapokha mutaika zithunzi ziwiri pamodzi n'kuzikuza. Kudumpha kwenikweni kumamveka kwa munthu wochoka pa foni yopanda OIS, ya sensa yaing'ono, ngati mmene ndinachitira ine. Chimene 8a yaposa 7a moonekeratu ndi zaka zimene Google yalonjeza kuitumizira mapulogalamu atsopano ndi achitetezo: zaka 7, mpaka 2031. Kwa ine zimenezi zikugwirizana ndi kamera, chifukwa kamera ya Pixel yatsamira kwambiri pa pulogalamu, ndipo sindikufuna kusinthanso foni posachedwa.

Mukamasankha, musadalire zithunzi za pabokosi kapena za otsatsa, chifukwa zimajambulidwa ndi akatswiri pamalo owala bwino. Musadalirenso mmene chithunzi chikuonekera pa sikirini ya foni imene akukuonetsaniyo, chifukwa masikirini ena amakometsa mitundu. Pemphani kuti mujambule nokha. Chokani pamene pali magetsi owala, pitani pakona poderako, jambulani nkhope ya munthu amene mwapita naye, makamaka ngati ndi wakhungu lakuda ndipo wavala zoyera. Muuzeni agwedeze dzanja n'kujambulanso. Ngati mumagulitsa katundu, tengani kachidutswa ka katunduyo, ka mtundu umene umavuta kwambiri, mukajambule pomwepo. Kenako tumizani zithunzizo ku foni yanu yakale kudzera pa WhatsApp, n'kuziona pamenepo, chifukwa umo ndi mmene makasitomala ndi abale anu adzazionere.